Masensa Anayi m'Nazale ya Nasoko

Sendezani chikunicho, utsi ukubwera kuno. Iyi si nthano, ndiye musavutike ndi kuvomera kuti tili tonse. Ingomverani.

Anthu amati zoterezi zimayenda usiku. Zanga zinkabwera naini koloko m'mawa, kunja kuli ngwee, tsiku ndi tsiku osaphonya, ndipo zinkandionongera ntchito.

Ndinakhala mkamwini kwa akazi anga, Nasoko, kumunsi kwa Bembeke, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ine ndinkaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera. Iwo ankasamala nazale ya mapeyala omezanitsa kuseri kwa nyumba, machubu a mbande pafupifupi zikwi ziwiri pansi pa neti ya mthunzi. Ana sitinakhale nawo. Anamwalira mu Epulo. Za matendawo sindinena.

Chaka cham'mbuyo mwake, mbande za mbali ina ya nazale zinkapsa masamba, za mbali inayo zikungotalika monyozoloka. Nasoko ankati neti ndi yopyapyala kumtunda. Ine ndinati tisamangoganiza, tiyeze. Ndinagula masensa anayi oyezera kuwala, timaso tating'ono ngati nyemba, ndi kakompyuta kokula ngati bokosi la machesi. Masensawo ndinawakhazika pa timitengo tolekeza m'mawondo, motsata kanjira ka pakati pa nazale: yoyamba polowera, pafupi ndi khomo la kukhitchini, yachinayi pa geti lotulukira kumsewu. Kakompyutako ndinakaika pa zenera la pakhonde. Kankawerenga kuwala masekondi khumi aliwonse, kuonetsa manambala anayi pa kasikirini kake, n'kuwasunga pa khadi. Madzulo ndikaika khadiyo mu laputopu, manambala ankasanduka galafu, mizere inayi, uliwonse mtundu wake. Tsiku labwino, mzere umayenera kukwera mosalala ngati chulu mpaka masana, n'kutsika mosalala chomwecho.

Nasoko ali moyo, tsiku labwino sindinalionepo. Naini koloko ikakwana ankalowa m'nazale ndi keni yawo yothirira, n'kumaima pomwe pali sensa, ngati dala.

"Mayi, mukunditchingira kuwala."

"Kuwalako n'kwanu? Munakugula kuti?"

"Tangosunthani pang'ono chabe."

"Kauzeni kachitsulo kanuko kasunthe. Ine ndili pa ntchito, aphunzitsi."

Mafayilo a masiku amenewo ndinkawapatsa dzina limodzi: Anatchinganso.

Mu Ogasiti, sukulu titatsekera, kunabwera atsibweni awo, a Kampanje, pamodzi ndi alamu anga a Yotamu, mchimwene wa Nasoko. Mukudziwa mmene zimakhalira. Mkamwini akaferedwa, abale a mkazi amafulula thobwa, kuitana anthu, n'kumusudzula: kumuuza pamaso pa onse kuti ukwati watha, wamasuka, abwerere kwawo. A Kampanje anayankhula mwaulemu, chipewa chili pa bondo.

"Simunatilakwire, aphunzitsi. Koma mwambo ndi mwambo. Tikufuna zichitike mvula isanagwe."

Kwathu ndi ku Mponela. Ndinachokako ndili mnyamata, ndipo kunalibe chondidikira koma chipinda cha kwa mlongo wanga. Ndinawauza kuti nazale idzatsala kwa a Yotamu, ndiye sindingaisiye ndi neti yolakwika. Ndinapempha masiku asanu ndi awiri otsatana a muyeso woyera, wopanda chotchinga, kuti ndidziwe poonjezera neti. Akakwana, afulule.

"Alamu," anatero a Yotamu, "dzuwa mukuliyeza ngati nsalu? Mutisokera malaya?"

A Kampanje anawayang'ana mowadzudzula. Anandipatsa masikuwo. Ndinkadziwa ndekha kuti sabata imodzi si kanthu, koma chifukwa china chopemphera kukhala ndinalibe.

Ndinasintha batire, kupukuta masensa, n'kuyamba. Kuthirira ndinkathirira dzuwa lisanatuluke, kenako m'nazale osapondamonso mpaka madzulo, kuopa kudzitchingira ndekha.

Madzulo a tsiku loyamba galafu inatuluka ndi mano. Naini koloko itangodutsa ndi mphindi zinayi, mzere wa sensa yoyamba unagwa kuchoka pa 38,000 kufika pa 5,000, n'kukweranso. Kenako wa yachiwiri. Kenako wa yachitatu, wa yachinayi. Patapita kanthawi, mobwerera: yachinayi, yachitatu, yachiwiri, yoyamba. Zonse pamodzi, mphindi khumi ndi zinayi.

Mtambo sutero. Mtambo ukadutsa, mizere yonse inayi imagwera limodzi. Ndinati ndi nkhuku, ndipo ndinazitsekera m'khola tsiku lonse mpaka zinayamba kujomphana. Mawa lake, mano omwewo. Ndinati ndi buluzi wokwera pa timitengo, ndinapaka girisi. Mano omwewo. Ndinati ndi waya womasuka, ndinadula wakale yense n'kulumikiza watsopano, zala n'kupsa nazo. Ndinasinthanitsa masensa, yoyamba kupita ku geti, ya ku geti kubwera ku khitchini. Manowo sanatsate sensa. Anatsata malo.

Tsiku lachisanu ndinapita kwa a Yotamu. Ndinawapeza akusema mpini.

"Alamu, nthabwala zina n'zosasangalatsa. Mukumalowa m'nazale naini koloko?"

"Ine? Naini koloko ndimakhala kudimba, funsani alamu anu. Mwinatu dzuwalo likukuzembani, aProfesa. Mwaliyeza mokwana, latopa nanu."

Ndinabwerera osatsanzika. Geti ndinalimanga ndi waya, polowera n'kutchinga ndi chitseko chakale.

Ndi pomwe zinthu zinayamba kusuntha. Mpeni womezanitsira, womwe ndinaupachika ndekha pa msomali m'khitchini, unasowa. Ndinaufuna masiku awiri, kutembenuza matumba a chimanga, kukalipira nkhuku zosalakwa. Ndinaupeza utazikidwa pa mzati wa pakati pa nazale, pamtunda pomwe ine sindizika zinthu, chifukwa ndine wamanzere ndipo unali kudzanja lamanja. Mbande zomezanitsa zimatulutsa mphukira pansi pa bala la pomezanitsa, ndipo umayenera kuzithothola zisanalande chakudya. Ine ndinali nditaziiwala chiyambire Epulo. Madzulo ena ndinazipeza zitathotholedwa mzere wonse, zitaunjikidwa timilu tating'ono m'mbali mwa kanjira, mulu uliwonse pakatha machubu khumi.

Sindinauze munthu. Ndinasesa timiluto.

Sabata yachiwiri kunabwera mlendo, bambo wa njinga yokhala ndi dengu kumbuyo. Anazungulira mpanda n'kundipeza pakhonde ndikuyang'ana kasikirini. Inali naini koloko ndi mphindi khumi ndi zisanu.

"Odi kuno! Ndamva kuti muli ndi mbande za mapeyala. Ndaodira katatu pa geti lija, koma mayi ali m'katimo sakuyankha. Kaya ndi ovutika kumva?"

"Mayi ake ati?"

"Owerama aja. Nkhope sindinaione, netiyo ikutchinga."

"M'nazalemo mulibe munthu, bambo. Geti ndi lomanga."

Anayang'ana kunazale. Anayang'ana ine, kenako chingwe choyanikira zovala, pomwe panali malaya aamuna okhaokha. Anavula kapusi.

"Pepani, bambo. Ndidzabwera tsiku lina."

Njingayo sanaikwere. Anaikankha mpaka kumsewu, osacheuka, ndipo sanabwerenso.

Mwina mukuganiza kuti ndinaopa. Ayi, ndinakwiya. Munthu miyezi yonse ija ndakhala ndikumupempha kuti asunthe pang'ono, ndipo ngakhale tsopano ayi. Masiku khumi ndi awiri, loyera ngakhale limodzi. Chinandikwiyitsa koposa n'chakuti m'kati mwa mkwiyowo munali kachimwemwe. Masiku oyera akapanda kukwana, thobwa silifululidwa, ndipo ine ndikhalabe. Ndinayamba kudzuka ndi mtima wofuna kuona manowo. Ndinayamba kuganiza kuti n'chifukwa chake akubwera: sakufuna ndichoke.

A Kampanje anatuma uthenga kufunsa ngati sabata ija siinathe. Ndinayankha kuti zipangizo zikuvuta.

Mphunzitsi wa sayansi sasiya manambala osawaika m'ndandanda. Tsiku lina ndinalemba kutalika kwa ulendo uliwonse, kuchokera pomwe sensa yoyamba yagwa mpaka pomwe yagweranso pobwerera. Tsiku loyamba, mphindi 14. Lachisanu ndi chimodzi, 18. Lakhumi ndi chiwiri, 25. Lakhumi ndi chisanu ndi chitatu, 33. Ndipo pa sensa yachitatu dzino linali litasanduka dzenje, lotambalala tsiku ndi tsiku. Pafupi ndi sensa imeneyo pali chitsa cha mbawa.

Ndinatsegula mafayilo akale aja. Ya Okutobala chaka chatha, mphindi 14. Ya Januwale, 19. Ya Febuluwale, 24, ndi dzenje pa sensa yachitatu. Ya Malichi, yomaliza, 29. Pa dzina la imeneyo ndinaonjezera mawu, ndi zala zanga zomwezi: Anatchinganso, nthawi yaitali.

Ndinali ndi muyeso wa matenda a akazi anga, wolembedwa masekondi khumi aliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chomwe ndinaonapo n'chakuti akundionongera galafu.

Ndinatseka laputopu. Ndinakatsuka mbale.

M'mawa mwake ndinatalikitsa waya, kunyamula kakompyuta ndi mpando, n'kukakhala m'nazale momwemo, pafupi ndi sensa yachiwiri, mbali yoti mthunzi wanga ugwere kutali. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Kuwala kunkadutsa m'neti n'kugwa pansi timadontho, ngati kosefedwa m'sefa. Nkhuku zinali chete. Kumsewu kunadutsa ngolo, phokoso lake n'kuzilala.

Nambala yoyamba inagwa.

Ndinayang'ana polowera. Chitseko chakale chija chinali pomwe ndinachiika. Pansi panalibe mthunzi uliwonse, timadontho ta kuwala tinali chimodzimodzi. Koma nambala inali pa 5,000. Kenako ndinamva chogwirira cha keni chikulira, kwii, kwii, monga chimalirira keni ikadzaza ndipo wonyamulayo akusintha dzanja. Keniyo ndinkaiona. Inali pa msomali wake, youma, yosagwedezeka.

Nambala yoyamba inakwera. Ndinadikira. Kuchoka pa yoyamba kufika pa yachiwiri ndi mapazi khumi ndi awiri. Zinatenga mphindi zinayi. Nambala yachiwiri itagwa, m'miyendo mwanga munazizira ngati ndaima m'mphepete mwa chitsime, ndipo kunamveka kafungo ka dothi lonyowa.

"Mayi," ndinatero, ndipo mawu anga anatuluka ngati a m'kalasi, "ndinapempha masiku asanu ndi awiri okha. Lero ndi la khumi ndi chisanu ndi chinayi. Ngati mukufuna ndikhale, nenani, ndikauze atsibweni anu. Ngati simukufuna, sunthani, ndimalize ntchito. Koma izi zoima pakati, osanena kanthu, ayi. Mpeni mwatenga osapempha. Wogula mwamuthamangitsa. Ine nditani?"

Nambala sinasunthe. Ndinapitiriza, poti ndinali nditayamba.

"Ndipo mukadandiuza. Mu Januwale muja, mukadangoti, bambo, keniyi yayamba kundilemera. Mumangoti muli pa ntchito. Munthu ndingadziwe bwanji?"

Nambala yachiwiri inakwera. Kuzizira kunachoka. Patapita nthawi yaitali yachitatu inagwa, ndipo cha pa chitsa paja panamveka ngati chinthu cholemera chaikidwa pansi mosamala. Kenako mpweya. Osati mawu, osati kulira. Mpweya wa munthu amene wakwera chitunda ndi katundu pamutu, ndipo akudziwa kuti chitundacho sichinathe.

Ndinakhala pampandopo mpaka ulendo wonse unatha. Mphindi 36.

Masana ndinanyamula laputopu kupita nayo kwa a Yotamu. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango.

"Ehe, aProfesa abwera ndi kanema! Tionere mpira?"

Ndinawaonetsa galafu ya chaka chatha, kenako ya m'mawa womwewo. Ndinawafotokozera kuti mzere uwu ndi wa ku khitchini, uwu wa ku geti, dzenje ili ndi la pa chitsa. A Yotamu sukulu analekera sitandade sikisi, koma anamva msanga kuposa ana anga a folomu folo. Analondola mzere ndi chala, kupita, kubwerera. Kuseka kunatha.

"Mwakhala mukuonera zimenezi masabata atatu?"

"Ndimayesa ndi waya."

"Nanga tsopano mukuyesa chiyani?"

"Ndikuganiza kuti sakufuna ndichoke. Akuononga muyeso dala, kuti masiku asakwane."

A Yotamu anapukusa mutu.

"Alamu, inu munaphunzira, koma ndinu ogona. Achemwali anga akanafuna kukukanizani, akanakulotetsani n'kukuuzani m'maso muli gwa. Munawaonapo akuzungulira nkhani? Awa sakukutchingani. Ali pa ntchito. Inu simunasudzulidwe, ndiye iwonso sanasudzulidwe. Mpaka lero ndi mayi wapabanja, ndipo mayi wapabanja kukacha amadzuka."

"Sensa imayeza kuwala basi. Siyeza zimenezo."

"Chabwino. Yezanitu. Mawa zikhala mphindi zingati?"

Ndinali nditawerengera kale, poti ndi khalidwe langa. "Makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi."

"Mkuja?"

Ndinatseka laputopu.

"Mwezi wamawa? Azikwawa, inu muli pakhonde ndi kawayilesi kanuko, mukulemba?" A Yotamu anatembenukira kumbali n'kulavula. "Anatopa kale ali moyo, alamu. Tonse tinkaona. Asiyeni apume."

M'mawa mwake zinali mphindi 41. Ndinalakwitsa ndi ziwiri. Ndinavala jekete n'kupita kwa a Kampanje.

"Fululani," ndinatero.

"Muyeso uja watha?"

"Sunathe. Neti aonjezere kumtunda. Mwini wake ananena kale."

Thobwa limafuna masiku ake, ndiye panadutsa masiku anayi. Amenewo sindikufuna kuwafotokoza. Kakompyuta ndinakabwezera pa zenera la pakhonde, ndipo naini koloko ikamayandikira ndinkapita kumsewu kukaima ngati ndikudikira minibasi. Madzulo ndinkalephera kupirira, ndinkatsegula galafu. Tsiku lomaliza zinali mphindi 52. Chitseko chakale chija ndinachichotsa polowera, geti n'kulimasula.

Loweruka anthu anasonkhana pabwalo la nyumba kuyambira eyiti koloko, amayi pa mphasa, abambo pa mipando. Mlongo wanga anabwera kuchokera ku Mponela ndi amuna awo kudzandilandira. Ine anandikhazika pakhonde, ndipo mpando ndinausendeza ndekha kufupi ndi zenera. A Yotamu anaona.

Mwambo wathu suthamanga. Anayankhula wa mbali ya kuchikazi, kuthokoza. Anayankhula alamu anga a ku Mponela, kuthokoza kuthokozako. Mayi wina wachikulire anafotokoza za denga lomwe ndinamufolerera chaka china cha mphepo yamkuntho, ngakhale linkadonthabe, anthu n'kuseka pang'ono. Ine maso anali pa kasikirini.

Naini koloko ndi mphindi zitatu, nambala yoyamba inagwa.

Sinakwere. Mphindi zisanu, khumi, khumi ndi zisanu. Yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi zinali m'mwamba, zikukwera ndi dzuwa. Yoyamba yokha inali pa 5,000, osagwedezeka. Polowera m'nazale ndi pakona pa nyumba, ndipo munthu ataima pamenepo amamva zonse zoyankhulidwa pabwalo. Galu wa a Yotamu, yemwe anagona cha pakonapo, anadzuka, kuzungulira patali, n'kukagona kumbuyo kwa amayi.

A Kampanje anaimirira pomalizira. Anayankhula pang'onopang'ono, kutchula dzina la mwana wa mlongo wawo, kutchula langa. Anati mbumba yawo ilibe nane mlandu. Anati kuyambira lero ndine mfulu, ndipite komwe ndifuna, ndikafuna kukwatira ndikwatire, ndipo pakhomo pano ndizibwera ngati mlendo wolemekezeka.

"Aphunzitsi, mwamva mawu athu. Mwavomera?"

Ndinkadziwa kuti mawuwo ndi amodzi okha, ndipo ndinawakonzekera masiku anayi. Koma nambala ija inali pomwepo, pafupi ndi phewa langa, ndipo ndinkadziwa kuti malinga sindinayankhe, ikhala pomwepo. Ndikanatha kukhala chete mpaka masana. Ndikanatha kunena kuti tidikire mvula ithe.

"Alamu," anatero a Yotamu motsitsa, "munthu waimatu nthawi yaitali."

Amayi ena anayang'anana, osamvetsa. A Kampanje anangoweramitsa mutu.

"Ndavomera," ndinatero.

Nambala yoyamba inakwera nthawi yomweyo. Yachiwiri inagwa, n'kukwera ndisanaphethire kawiri. Yachitatu, ya pa chitsa, inangogwedezeka. Yachinayi inagwa, inakwera. Kuchokera ku khitchini mpaka ku geti, sipanathe ngakhale mphindi imodzi. Liwiro limenelo ndinaliona komaliza tili achinyamata, akuthamangira basi ya ku Lilongwe, nsapato zili m'manja.

Anthu anaomba m'manja mwaulemu. Anayamba kugawa thobwa. Wina anandipatsa chikho, ndinachigwira osamwa. Ndinkadikira ulendo wobwerera: yachinayi, yachitatu, yachiwiri, yoyamba. Ndinadikira mpaka teni koloko. Ndinadikira mpaka mlongo wanga anandigwira paphewa kuti katundu wakwezedwa. Manambala onse anayi ankangokwera limodzi, mosalala.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo sanaime ngakhale pa geti kuti atsanzike. Sindikuwadandaula. Anali atachedwa kale miyezi isanu, ndipo wowachedwetsa ndinali ine.